Za Nyumba ya pa Chaucer Road ndi Anthu Amene Anayesa Chikumbukiro

Mu mzinda wa Cambridge, ku England, kummwera kwa makoleji akale amene alendo amakonda kukaona, muli msewu wachete wa mitengo wotchedwa Chaucer Road, ndipo pa nambala 15 ya msewuwo pali nyumba yaikulu imene poyamba inamangidwa kuti mukhale banja la anthu opeza bwino, koma imene kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 yakhala malo a anthu a ntchito yachilendo ndithu, ndiyo yoyesa kuchuluka kwa zinthu zimene mutu wa munthu ungasunge pa kamphindi kamodzi, ndi kutalika kwa nthawi imene munthu angakhale tcheru asanayambe kuphonya. Dzina lake linali Applied Psychology Unit, ndipo ndalama zoiyendetsera zinkachokera ku Medical Research Council, bungwe la boma la Britain loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo. Kuyambira 1998 imatchedwa Cognition and Brain Sciences Unit. Ndafuna kusimba mbiri ya nyumba imeneyi, pamodzi ndi ya a Alan Baddeley, amene anakulira momwemo pa ntchito nadzakhala mkulu wake zaka zoposa 20, chifukwa ambiri amayesa kuti nzeru zokhudza maganizo a munthu zimabadwira m'mitu ya anthu okhala phee pampando, pamene zoona zake n'zakuti nzeru zimene zapirira kufikira lero zinatoledwa pa ntchito zonyozeka, pakati pa alonda a nkhondo, anthu a positi, osambira pansi pa nyanja, odwala ndi ana aang'ono.

Ntchitoyi sinayambire pa Chaucer Road, pakuti kale mu 1887 a Joseph Jacobs a ku London ankawerengera ana a sukulu manambala mondondozana, nawauza kuti abwereze monga momwe awamvera, ndipo ankawonjezera nambala imodziimodzi kufikira pamene mwanayo wasokonezeka. Malire amenewo ndiwo anali muyeso wake, ndipo mpaka lero anthu akuyesedwabe mwa njira yomweyo m'zipatala. Koma kholo lenileni la nyumba tikunenayi ndi a Frederic Bartlett, pulofesa wa ku Cambridge, amene ankaphunzitsa kuti munthu pokumbukira satulutsa chinthu monga momwe anachilowetsera, koma amachimanganso molingana ndi zimene adziwa kale ndi zimene mtima wake ukonda. Mu 1929 iwo anafika kummwera kwa Africa, ndipo atamva mbiri yoti Aswazi ali ndi mitu yosaiwala, anafuna kudzionera okha. Anatuma mnyamata wachiswazi ndi uthenga waufupi kuti akautule kutsidya kwa mudzi, ndipo mnyamatayo anataya mbali zina za uthengawo panjira, monga momwe akadachitira mnzake wa ku England wa msinkhu womwewo. Koma pamene mbusa wa ng'ombe za mzungu wina anafunsidwa kuti atchule ng'ombe zimene bwana wake anagula chaka cham'mbuyo, iye anazitchula imodziimodzi, maonekedwe ake, mwini wake woyamba ndi mtengo wake, ndipo pofananitsa ndi buku la bwanayo zinapezeka zolakwika zazing'ono ziwiri zokha. Nkhaniyi ili m'buku lawo la Remembering la 1932, ndipo tanthauzo lake n'lakuti palibe mtundu wa anthu umene unapatsidwa mutu wamatsenga, koma munthu aliyense amasunga chimene waikapo mtima. Potero chikumbukiro ndi chidwi zinamangidwa pamodzi kuyambira pachiyambi pa ntchito ya ku Cambridge.

Ndipo kunali, m'masiku a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuti makina anayamba kupambana anthu owagwiritsa ntchito, mwakuti ndege zabwino zinkagwa popanda chilema chilichonse m'zitsulo zake, ndipo sitima za adani zoyenda pansi pa madzi zinkadutsa zikuoneka ndithu pa galasi la radar, koma mlonda osaziona. Chifukwa cha zimenezi bungwe la Applied Psychology Unit linakhazikitsidwa mu 1944, poyamba m'zipinda za yunivesite, ndipo mkulu wake woyamba anali a Kenneth Craik, mnyamata wa ku Scotland wa nzeru zakuthwa, amene ankati ubongo umadzipangira chifaniziro chaching'ono cha dziko kuti uyesere zinthu m'menemo usanazichite. Tsoka silinunkha: mu May 1945, m'masiku omwewo nkhondo ya ku Ulaya inkatha, iwo anachita ngozi akupalasa njinga m'kati mwa Cambridge, namwalira ali ndi zaka 31 zokha. A Bartlett anagwiriziza mpandowo, ndipo pambuyo pake unapita kwa a Norman Mackworth, amene anali atafufuza kale vuto la alonda a radar aja. Iwo anapanga wotchi yopanda manambala, ya muvi umodzi wodumpha kamodzi pa sekondi, koma umene mwa apo ndi apo unkadumpha mtunda wowirikiza. Munthu ankakhala maola awiri akuuyang'ana, ndi lamulo loti adine batani akaona kudumpha kwakukuluko. Zinapezeka kuti pakangotha theka la ola anthu amayamba kuphonya kwambiri, angakhale anthu okhulupirika amene sanagone ndiponso sanachotse maso pa wotchiyo. Indetu apa panali chifundo chachikulu chobisika m'manambala, pakuti msilikali amene akadatchedwa waulesi anapezeka kuti ndi munthu wamba amene wasenzetsedwa katundu woposa chilengedwe chake, ndipo mankhwala ake sanali chilango koma kufupikitsa nthawi ya ulonda ndi kuikamo mpumulo.

Mu 1958 mpando unafika kwa a Donald Broadbent, amene anakhalapo m'gulu la ndege zankhondo naona okha kusokonezeka kwa anthu omvera mauthenga ambiri nthawi imodzi. Iwo ankaveka anthu zomvera za m'makutu, natumiza manambala atatu ku khutu lamanja ndi ena atatu ku khutu lamanzere nthawi yomweyo, ndipo anaona kuti anthu amakonda kubwereza onse a khutu limodzi poyamba, kenaka n'kutenga a khutu linalo, zimene zinasonyeza kuti mawu osamvetseredwa amadikira kanthawi penapake asanazimirire. Buku lawo la Perception and Communication, la chaka chomwecho, linaphunzitsa kuti njira yolowera m'maganizo ndi yopapatiza, ndipo chidwi ndicho chimasankha choti chidutse. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, a George Miller a ku America anali atalengeza kuti muyeso wa zinthu zimene munthu angagwire pa kamphindi uli pafupi ndi 7, kuchotsapo kapena kuwonjezapo 2.

M'chaka chomwecho cha 1958 m'nyumbamo munalowa mnyamata wa zaka 24 wochokera ku Leeds, mzinda wa mafakitale kumpoto kwa England, amene anabadwa mu 1934 m'banja la anthu wamba, naphunzira ku University College London, nawolokanso nyanja kukaphunzira ku Princeton, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ameneyu ndiye Alan Baddeley. Malipiro awo ankachokera ku ndalama za ntchito ya positi, chifukwa pa nthawiyo boma linkafuna kuyamba kusankha makalata ndi makina, ndipo panafunika zizindikiro za zilembo ndi manambala zimene anthu angazikumbukire ndi kuzilemba osalakwitsa. Mzinda wa Norwich ndiwo unayamba kuyesa zizindikiro zotere mu 1959. Wowayang'anira pa ntchitoyi anali a Conrad, amene anaona chinthu chaching'ono chimene ambiri akadachipitirira: munthu akaonetsedwa zilembo ndi maso, osazimva ndi khutu, kenaka n'kulakwitsa pozikumbukira, kawirikawiri amasinthanitsa zilembo zomveka mofanana, monga B ndi V m'katchulidwe kachingerezi, m'malo mosinthanitsa zooneka mofanana. Tsono nanga khutu lalowamo bwanji m'chinthu chimene chinadzera m'maso? Yankho lake n'lakuti munthu amadzinenera chamumtima zimene waona, ndipo chimene amasunga ndi mawuwo.

A Baddeley anatsata mapazi amenewa, ndipo mu 1966 anasindikiza zimene anapeza. Ankawerengera anthu mawu 5 kuti awabwereze mondondozana. Mawuwo akakhala ofanana kamvekedwe, monga man, mad, map, can ndi cap, anthu ankakhoza mindandanda pafupifupi 10 yokha pa 100 iliyonse. Akakhala osiyana kamvekedwe ankakhoza yoposa 80. Koma akakhala ofanana tanthauzo lokha, monga mawu osiyanasiyana onena za kukula, vuto linali laling'ono kwambiri. Ndipo pamene anatalikitsa mindandandayo, napatsa anthu mpata woiphunzira kangapo ndi kuikumbukira patapita nthawi, zinthu zinatembenuka, pakuti tsopano kufanana kwa tanthauzo ndiko kunasokoneza, kamvekedwe kosavutanso. Umenewu unali umboni wolimba wakuti chikumbukiro cha kamphindi ndi chikumbukiro cha nthawi yaitali sizisunga zinthu mofanana.

Anthu a positi anaperekanso phunziro lina. Pofuna kuwaphunzitsa kutaipa kuti azigwiritsa ntchito makina atsopano aja, a Baddeley ndi a Longman anawagawa m'magulu, ena ola limodzi pa tsiku, ena maola awiri, ena maola awiri kawiri pa tsiku. Ndipo a ola limodzi aja ndiwo anaphunzira ndi maola ochepa powerengera onse pamodzi, nasunganso luso lawo bwino patapita miyezi, ngakhale kuti iwo eni ake ndiwo anali osakhutira koposa onse, poyesa kuti akuchedwa. Akulu akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo lipoti la 1978 linangoika manambala pa mawu amenewo. Koma chimene ine chimandigwira mtima m'nkhaniyi n'chakuti wophunzira sadziwa nthawi zonse njira imene ikumupindulitsa.

Za pansi pa nyanja zinabwera chifukwa a Baddeley ankakonda masewero osambira ndi botolo la mpweya kumsana. Munthu akamira mamita 30 kapena kuposa, mpweya wa nitrogen umamuledzeretsa, ndipo akatswiri ankayesa kuledzera kumeneku m'chipinda chachitsulo cha pamtunda chimene amachipopera mpweya. A Baddeley anapita nayo ntchito m'nyanja yeniyeni ya Mediterranean, napeza kuti manja a munthu amalephera kwambiri m'nyanjamo kuposa m'chipinda chija pa kupanikizika komweko, ndipo anaganiza kuti mantha ndiwo amawonjezera, pakuti zoopsa zimapanikiza chidwi kuti chione chinthu chimodzi chokha. Pambuyo pake, mu 1975, iwo ndi a Duncan Godden anaphunzitsa osambira mindandanda ya mawu 36, ina pagombe ina pansi pa madzi, kufupi ndi Oban ku Scotland, ndipo anapeza kuti mawu ophunziridwa m'madzi amakumbukika bwino m'madzi, a pamtunda pamtunda. Kafukufuku ameneyu anatchuka koposa, ndipo ali m'mabuku ambiri a ophunzira. Koma chilungamo chifuna tinene kuti a Jaap Murre a ku Netherlands atamubwereza mu 2021 sanapeze zofananazo, kotero kuti si pamenepa pamene pagona ulemu wa a Baddeley.

Ulemu wawo uli pa ntchito imene anaigwira ali kunja kwa nyumba ija, pakuti mu 1967 anapita ku yunivesite ya Sussex, ndipo mu 1972 ku Stirling. Pa nthawiyo chiphunzitso cholamulira chinali cha a Richard Atkinson ndi a Richard Shiffrin cha 1968, chonena kuti pali mosungira mmodzi mwa kamphindi, ndipo chilichonse chopita ku chikumbukiro cha nthawi yaitali chiyenera kudzera m'menemo. Chinali chiphunzitso chooneka bwino, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 1970 a Tim Shallice ndi mayi Elizabeth Warrington a ku London anafotokoza za wodwala wina wodziwika ndi zilembo za KF, amene anavulala ubongo pa ngozi ya njinga yamoto, mwakuti sankatha kubwereza manambala oposa awiri, komabe ankaphunzira zinthu zatsopano ndi kuzisunga monga munthu wina aliyense. Ngati khomo lili limodzi ndipo lagumuka, zinthuzo zikulowera pati?

Mutu umodzi susenza denga, ndipo a Baddeley anapeza mnzawo woyenera mwa a Graham Hitch. Popeza analibe odwala otere pafupi, anaganiza zosandutsa ophunzira athanzi kukhala ngati odwala kwa kanthawi, powapatsa manambala mpaka 6 oti azibwereza mosalekeza uku akugwira ntchito ina ya nzeru, monga kuweruza ngati chiganizo chonena za dongosolo la zilembo A ndi B chili choona kapena chabodza, kumvetsa nkhani, kapena kuphunzira mawu. Chikadakhala choona chiphunzitso chakale chija, anthuwo akadalephereratu, pakuti mosungiramo mukadakhala mutadzaza. Koma iwo anangochedwerapo pang'ono, nakhozabe ntchito zonse ziwiri. Chifukwa chake mu 1974 awiriwa analemba nkhani imene inasintha kaganizidwe ka anzawo onse, nati chimene tili nacho si mosungira mmodzi ayi, koma zigawo zingapo zogwirizana, zimene anazitcha working memory, ndiko kunena chikumbukiro chogwirira ntchito. Chikumbukiro cha nthawi yaitali chili ngati nkhokwe, yosunga zokolola za zaka. Ichi chinachi chili ngati lichero, limene limatenga pang'ono pokha, ndipo phindu lake silili pa kusunga koma pa ntchito yochitikira pamenepo, yopeta ndi kusankha, mwakuti wolidzaza mopitirira amataya ndi maso omwe. M'chaka chomwecho a Broadbent anasamukira ku Oxford, ndipo a Baddeley anaitanidwa kubwerera ku Chaucer Road kukakhala pa mpando wawo, ali ndi zaka 40.

Pa zigawo zitatu zimene a Baddeley ndi a Hitch anazitchula, chimene chinadziwika bwino koposa ndi cha mawu, chotchedwa phonological loop, momwe mawu amakhala masekondi ochepa n'kuzimirira ngati munthu sawatsitsimutsa powanena chamumtima. Mu 1975 a Baddeley, a Neil Thomson ndi mayi Mary Buchanan anaonetsa kuti anthu amakumbukira mosavuta mayina aafupi a mayiko, monga Chad, Burma, Greece, Cuba ndi Malta, kuposa aatali monga Czechoslovakia, Nicaragua ndi Afghanistan, ndipo lamulo limene anapeza n'lakuti munthu amasunga mawu okhawo amene angathe kuwatchula m'masekondi pafupifupi awiri. Atauza anthu kuti azinena liwu limodzi lopanda pake mobwerezabwereza uku akuwerenga mayinawo, kusiyana kwa aatali ndi aafupi kunatha, chifukwa lilime la m'kati lija linali litatanganidwa. Zotsatira za zimenezi sizinali zazing'ono. Ku Wales kunali kutaoneka kuti ana oyesedwa m'chinenero chawo amabwereza manambala ochepa kuposa ana oyesedwa m'Chingerezi, ndipo munthu wopupuluma akadati anawo ngoperewera nzeru. Koma mu 1980 a Nick Ellis ndi a Hennelly anaonetsa kuti mayina a manambala a m'chinenero cha ku Wales amatenga nthawi yaitali kuwatchula, ndipo chifukwa chake chinali chimenecho basi. Olankhula Chitchaina, amene mayina a manambala awo ndi aafupi kwambiri, amaposa Angerezi pa muyeso womwewo. Ife amene timati zisanu ndi zinayi pamene Mngerezi atchula kaliwu kamodzi tiyenera kuisamala nkhani imeneyi, kuti wina asadzatenge muyeso wokonzedwera lilime lina n'kuweruza nawo mitu ya ana athu.

Komabe panatsala funso lovuta, ndipo a Baddeley sanalizembe: ngati munthu wowonongeka chigawo chimenechi amakhala bwinobwino, kodi ntchito yake n'chiyani, kupatula kusunga nambala ya telefoni? Yankho linachokera ku Milan, kwa mayi wina wodziwika ndi zilembo za PV, amene anadwala sitiroko kumanzere kwa ubongo, natsala ndi muyeso wa manambala awiri kapena atatu, koma ankalankhula bwino, kulera ana ndi kuyendetsa sitolo yake. A Baddeley, pamodzi ndi a Giuseppe Vallar ndi mayi Costanza Papagno, anamupatsa mawu awiriawiri a Chitaliyana kuti awagwirizanitse, ndipo anakhoza monga aliyense. Koma atamuwerengera mawu 8 a Chirasha, lililonse ndi tanthauzo lake, sanagwire ngakhale limodzi pa maulendo 10, pamene anthu athanzi anawagwira onse. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1988. Chaka chotsatira a Baddeley ndi mayi Susan Gathercole anaonetsa kuti mwana wa zaka 4 amene amatha kubwereza bwino mawu opeka opanda tanthauzo ndi amene amadzapezeka ndi mawu ambiri akafika zaka 5. Taonani tsono, kachigawo kamene kanayamba kuonekera pa zolakwika za zilembo za positi kanapezeka kuti ndiko khomo limene mwana amalandirira chinenero cha amayi ake, ndi limene wamkulu amalandirira chinenero cha alendo. Sindidziwa nkhani ina m'maphunziro amenewa imene ionetsa bwino koposa iyi kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chigawo chachiwiri, chosunga zooneka ndi malo ake, a Baddeley anachizindikira ali pa chiwongolero ku California, pamene ankamvera mpira wa ku America pa wailesi, najambula bwalo lonse m'maganizo, kenaka n'kuona kuti galimoto yayamba kuyenda mokhotakhota. Atabwerera kwawo anatsimikiza m'chipinda choyesera kuti kujambula chinthu m'maganizo ndi kulondola chinthu ndi dzanja zimalimbirana malo amodzi. A Robert Logie ndiwo anaipititsa patsogolo ntchito imeneyi.

Chigawo chachitatu, chimene anachitcha central executive, ndicho kapitawo wa zinazo, wogawa chidwi, woletsa zosafunika ndi wosintha kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina. Ndipo pamenepa ndi pamene khalidwe la a Baddeley lionekera. Kwa zaka zambiri iwo ankavomera poyera kuti chigawo chimenechi ndi malo amene ankaponyamo mafunso onse amene sanathe kuwayankha, ndiponso kuti kunena za kapitawo wokhala m'mutu sikufotokoza kanthu kufikira ntchito zake zitafufuzidwa imodziimodzi. M'buku lawo la Working Memory la 1986 anabwereka maganizo a a Donald Norman ndi a Shallice, akuti zochita zambiri za munthu zimayenda mwa chizolowezi, ndipo chidwi chimalowererapo pokhapokha chizolowezicho chikalephera. Ndi anzawo a ku Milan anayesa odwala matenda a Alzheimer powapatsa ntchito ziwiri, kubwereza manambala ndi kulondola kadontho koyenda pa galasi, atayamba afewetsa ntchito iliyonse kuti ifanane ndi mphamvu za munthuyo. Okalamba athanzi anakhoza kuphatikiza ziwirizo pafupifupi monga achinyamata, koma odwalawo analephera, ndipo kulepherako kunkakula pamene matenda ankakula. Ndipo mu 2000, atachoka kale ku Cambridge kupita ku Bristol, ali ndi zaka 66, msinkhu umene ambiri amangoteteza zimene ananena paunyamata, iwo anavomera kuti zigawo zitatu zija sizikwanira, pakuti munthu amene amagwira mawu 5 kapena 6 osagwirizana amagwira mawu pafupifupi 15 akakhala m'chiganizo chomveka. Potero anawonjezera chachinayi, episodic buffer, momwe zomveka, zooneka ndi zodziwika kale zimakumanirana. Mu 2003 anasamukira ku York, kumene anakagwiranso ntchito ndi a Hitch.

Si onse anavomera chithunzi chawo, ndipo n'koyenera kuti zinatero. A Nelson Cowan a ku yunivesite ya Missouri amaphunzitsa kuti palibe chifukwa choganizira zipinda zosiyana, koma kuti chikumbukiro chogwirira ntchito ndi mbali ya chikumbukiro cha nthawi yaitali imene yadzutsidwa, ndipo pakati pake pali malo a chidwi amene, malinga ndi nkhani yawo ya 2001, amakwana zinthu pafupifupi 4 zokha, osati 7. A Randall Engle a ku Georgia Institute of Technology anapeza kuti kusiyana kwa anthu pa muyeso umenewu kumachokera makamaka pa mphamvu yogwira cholinga pakati pa zosokoneza. Mu 2001 a Andrew Conway, a Cowan ndi a Michael Bunting anauza anthu kuti abwereze mawu olowa khutu limodzi, osasamala a khutu linalo, m'mene mwachinsinsi anaikamo dzina la munthuyo. Ndipo mwa anthu a muyeso wotsika 65 pa 100 anamva dzina lawo, pamene mwa a muyeso wapamwamba 20 okha pa 100 ndiwo analimva. Wamphamvu, tsono, si amene amamva zonse, koma amene amatha kutseka khutu ku chimene sanatumidwe. Za winayo makolo ananena kale kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. M'kuona kwanga gulu la a Baddeley ndi la ofufuza a ku America sali pa nkhondo monga ena amanenera, pakuti a ku America analowa m'chipinda chomwe chija chimene a Baddeley anavomera kuti n'chamdima, nayatsamo nyali.

Pamene dzina la working memory linatchuka, amalonda nawo anadzuka, nayamba kugulitsa masewero a pa kompyuta olonjeza kukulitsa chikumbukirocho ndi nzeru zomwe. Mu 2013 mayi Monica Melby-Lervåg ndi a Charles Hulme anasonkhanitsa zofufuza zambiri za nkhaniyi, napeza kuti anthu amapitadi patsogolo pa masewerowo ndi pa ntchito zofanana nawo, koma panalibe umboni wokhutiritsa wakuti phindulo limafika pa kuwerenga, pa masamu kapena pa nzeru zonse. Njira imene yaoneka yodalirika ndi yodzichepetsa kuposa imeneyo, ndipo inachokeranso kwa anthu a nyumba ija. Mayi Gathercole, amene mu 2011 anadzakhala mkulu wa pa Chaucer Road, anali atakhala m'makalasi pamodzi ndi mayi Tracy Alloway kuonerera ana a muyeso wotsika wa chikumbukiro chogwirira ntchito, ndipo anaona kuti ana otere amatayika pakati pa malangizo aatali, amaiwala pamene afika pokopera chiganizo, kenaka amangosiya ntchito n'kukhala duu. Ndipo aphunzitsi awo sankati anawa ngoiwala, koma ankati samvera, kapena maganizo awo ali kutali.

Chifukwa chake ndikudandaulirani inu aphunzitsi, ndi inu makolo, amene mumatuma mwana zinthu zisanu ndi mpweya umodzi n'kumukalipira akabwera ndi ziwiri: fupikitsani malangizo, nenani chinthu chimodzi chithe musananene china, lembani pa bolodi chimene mufuna chisaiwalike, bwerezani osapsa mtima, gawani phunziro m'masiku ambiri m'malo moliunjika usiku umodzi, ndipo mwana amene akumva phunziro m'chinenero chimene sanayamwire mumupatse nthawi yowirikiza. Mwana amene waima pakati pa ntchito mumufunse chimene akukumbukira musanamutche wamwano.